Pa Mkamwini

Ife a ku Chiradzulu tikalowa m'tauni sitisankha tokha kokhala, amatisankhira ndi msewu umene watibweretsa. A cha ku Njuli ndi ku Magomero mukawapeza ataunjikana ku Kachere, chifukwa minibasi ya kwawo imadutsa kumeneko isanalowe mu Limbe. Ife a cha ku Mbombwe timatsetserekera ku Bangwe ngati madzi a mvula otsata ngalande. Munthu akakuuzani kuti anasankha Bangwe chifukwa cha kamphepo ka m'phiri, mungomufunsa kwawo basi.

Ine ndinkadziyesa wosiyana ndi anzanga. Sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga sindinasiye. Mabuku anga ndi aja akale oyalidwa pansi m'mbali mwa msewu, ena opanda chikuto, ena oyambira pakati, moti pali anthu a m'mabuku amene ndimadziwa imfa yawo koma kubadwa kwawo sindikudziwa mpaka lero. Mabuku amenewa ndiwo anandinamiza kuti mwamuna amasankha yekha pomanga chisa chake.

Ndinakwatira pamudzi wina kufupi ndi Mbombwe, ndipo monga mwa mwambo wa kwathu ndinapita kukakhala kwa mkazi. Ndisaname, sankandizunza. Munda anandipatsa, malo omanga nyumba anandiloza. Koma mkamwini ndi mkamwini. Mtengo wa mango umene wabzala umakhala wako pothirira, ukabereka ndi wa mbumba. Pamaliro ndiwe wowaza nkhuni, pokambirana za pamudzi ndiwe wokhala kumbuyo n'kumagwedeza mutu. Ndikakhala pakhonde ndi buku, ana a pamudzipo ankadutsa monyang'ama n'kumauzana kuti akamwini akupemphera.

Ndi apongozi anga, mayi a mkazi wanga, tinkachitirana manyazi monga kuyenera. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire la kumanzere, ine la kumanja, moni n'kumaperekera ku mitengo. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo, ndipo yankho langa linkadzeranso momwemo. Mabanja ena amapatsana kamphatso kuti manyaziwo athe, ayambe kuchezerana. Ife sitinachite zimenezo. Palibe amene anayambitsa, ndipo zaka zinangopita.

Ntchito itapezeka mu Limbe, m'sitolo yogulitsa nsalu, ndinaona ngati andimasula chingwe. Ndinapita kwa amalume ake a mkazi wanga, amene ndiwo mwinimbumba, kukapempha kuti ndimutenge tikakhale m'tauni. Ndinawapeza akumata chubu cha njinga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza mawu onse amene ndinakonza, ndipo anali ambiri.

"Mkazi tengani," anatero. "Koma galimoto imodzi."

"Sindinamve, bambo."

"Mlongo wangayu, apongozi anuwa, sadziwa kuwerenga, tauni saidziwa. Akakwera pano, akatsikire pakhomo panu. Zoti akafike ku depoti ya Limbe, atsike, thumba pamutu, ayambe kufunsa anyamata oitanira aja kuti ya kwakuti ili kuti, iyayi. Mwana wathu asakakhale kumene mayi wake sangafike yekha. Galimoto imodzi, akamwini. Zikadzakhala ziwiri, mkazi adzabwerere kuno, ziwirizo muzidzakwera ndinu podzamuona."

Ndinavomera msangamsanga. Munthu amene akukutsegulira khola sukangana naye za kukula kwa chitseko.

Kufunafuna nyumba kunandiphunzitsa tauni kuposa mabuku. Ku Ndirande ndinapeza chipinda chabwino, koma kuchokera kwathu ndi galimoto ziwiri. Ku Chilomoni kunali kanyumba kokhala ndi mpopi pakhomo, koma ziwiri. Ku Machinjiri mtima wanga unatsalira, nakonso ziwiri. Mapu onse a Blantyre anafota m'manja mwanga n'kutsala kamzere kamodzi, msewu wa Midima, pamene minibasi za kwathu zimadutsa polowa mu Limbe. Ndinapeza nyumba ya zipinda ziwiri chakumapeto kwa Bangwe, kuseri kwa mzere woyamba wa nyumba za m'mbali mwa msewu. Ukakhala pakhonde unkamva makondakitala akuitanira.

Vuto linali limodzi, ngakhale nthawi imeneyo sindinalione ngati vuto. Malowo analibe dzina. Anali pakati pa masiteji awiri, kumene anthu anali atangoyamba kumanga. Minibasi zinkaima ndithu munthu akapempha, koma aliyense ankapempha mwa njira yake. Wina ankati pakamlatho, wina pachulu, wina ankangomenya denga. Amayi angapo ankagulitsa tomato pamenepo, a kabaza awiri atatu ankadikirira pamthunzi. Anali malo anjala ya dzina, ndipo ine wowerenga mabuku sindinazindikire.

Titakhazikika, uthenga unabwera kuti apongozi akubwera kudzaona kumene mwana wawo akukhala. Ndinakhala pansi n'kukonza malangizo. Mkazi wanga ndiye ankalankhula pa foni ya mnansi wa kumudzi, ine ndikumuuza zonena. Akadutsa tchalitchi cha denga lofiira, asatsike. Akaona chigayo kumanja, ayambe kukonzeka. Kenako pali kutsetsereka pang'ono, kenako kamlatho, koma osati kamlatho koyamba. Mkazi wanga anatseka foni ndi dzanja n'kundiyang'ana.

"Inu, amayi akubwera kudzationa kapena kudzalemba mayeso?"

Tsiku lake linali Loweruka masana. Tinakaima pamsewu, mkazi wanga kutsogolo, ine chakumbuyo pang'ono monga woyembekezera kunyamula katundu. Ndinavala malaya ositidwa, buku m'khwapa, kuti anthu a dera latsopanoli adziwe kuti pabwera munthu wamtundu wanji.

Zimene zinachitika m'minibasimo ndinazimva pambuyo pake. Apongozi anataya matchalitchi anga onse, zigayo ndi timilatho tomwe. Kwathu wa kabaza ukamuuza kuti ndikupita kwa mkamwini wanga, safunsa zambiri, amapalasa. Iwo anaona kuti kondakitala nayenso ndi munthu, ali ndi maso, sangalephere kudziwa. Ndiye atawafunsa kuti mayi mutsikira pati, anayankha mwaulemu wonse kuti, "Mukanditsitse pa mkamwini wanga."

Kondakitala wake anali mkulu wina wa mpata m'mano, wokonda nthabwala. Sanawakalipire. Anangoyamba ntchito. Kuyambira polowera Bangwe, siteji iliyonse ankatsegula chitseko n'kufuula kufunsa ngati pali mkamwini wa mayi awa. Pamene ankafika pamene tinaima ife, minibasi yonse inali italowa m'gulu lofufuza, mitu ili m'mawindo.

Ndinaiona ikubwera pang'onopang'ono, kondakitala akulendewera pachitseko.

"Mkamwini! Mkamwini alipo pano? Tataya mkamwini!"

Amayi a tomato anasiya kuwaza madzi tomato wawo. A kabaza anadzuka. Mkazi wanga anaona duku la mayi ake pawindo n'kuyamba kuthamanga, koma kondakitala anatambasula dzanja.

"Iyayi, chemwali, inu si mkamwini. Katunduyu ndikapereka kwa mwini wake. Mkamwini aimike dzanja!"

Ndinaimika dzanja. Linali lomwe lija la buku. Ndinaima pamsewu wa Midima, malaya ositidwa, buku m'mwamba ngati mlaliki, anthu akuseka mpaka dalaivala anagona pa chiwongolero. Apongozi anatsika mwakachetechete, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa mwambo, osaona chachilendo chilichonse. Anapempha kutsitsidwa pa mkamwini wawo, ndipo anawatsitsa pa mkamwini wawo. Kwa iwo tauni inali itagwira ntchito yake bwinobwino.

Ndinadzitonthoza kuti pofika mawa aiwala. Lolemba pobwera kuntchito ndinakwera minibasi ina, ya kondakitala wina, ndipo titayandikira kwathu ndinamva akufunsa, osaseka n'komwe, "Pa Mkamwini otsika?"

Dzina likamera pamsewu silizulika. Linayamba ndi makondakitala, kenako a kabaza, kenako ana a sukulu. Mayi wina anatsegula saluni n'kulembetsa dzinalo pakhoma ndi penti yobiriwira. Wokazinga tchipisi naye analemba pa kabolodi kake, ngakhale anaiwala chilembo chimodzi. Anamwino, aphunzitsi, ngakhale abusa ovala kolala ankatchula dzinali ndi nkhope zowuma, monga mmene munthu amatchulira Limbe kapena Thyolo. Munthu mmodzi yekha mu Bangwe monse ndi amene sankatha kulitchula.

Ndinathawa kumudzi kuti ndikakhale bambo wa panyumba, ndipo ukamwini unakwera minibasi n'kunditsatira, n'kukakhala pamsewu kumandidikirira madzulo alionse. Mwina wina anganene kuti ndi nkhani yaing'ono. Inenso ndimadziuza choncho. Koma ndikamva mawuwo m'makutu munkatentha, ndipo ndinkaona ngati minibasi yonse ikundiyang'ana m'khosi.

Ndinapeza njira zozembera. Poyamba ndinkadikira kuti wina atchule, ine n'kutsika pambuyo pake ngati mlendo wongodutsa. Pakakhala popanda wotsika wina, ndinkamenya denga n'kunena kuti pomwepa. Makondakitala ondidziwa sankandilola.

"Pati, madala?"

"Apa pakamlatho."

"Timilatho ndi tambiri, madala. Ife timadziwa masiteji. Tchulani siteji."

Pamene tinkakangana choncho galimoto inali ikupita, ndipo ndinkatsikira patsogolo n'kubwerera wapansi. Kenako ndinayamba kutsikira dala siteji yam'mbuyo. Kunyumba ndinanena kuti ndinawerenga kuti kuyenda madzulo kumathandiza mtima. Mkazi wanga ananyamula nsapato yanga, n'kuyang'ana chidendene chake chodyeka, n'kunena kuti mtimawo ukhale bwino ndithu, poti nsapato zikuufera.

Kuntchito ndinabisa kwa nthawi yaitali. Tsiku lina mnzanga wa m'sitolo anafuna kudzandiona, ndipo ndinamuyambira za tchalitchi cha denga lofiira, chigayo ndi kutsetsereka. Anandidula pakati.

"Aaa, achimwene, mukunena Pa Mkamwini? Bwanji osangonena?"

Anabwera Lamulungu. Potsika anafunsa amayi a tomato njira ya kwathu, ndipo amayi a tomato sapereka njira yokha, amawonjezera ndi mbiri. Kuyambira Lolemba lake m'sitolo monse ndinali eni siteji. Ndikachedwa ankati eni siteji amatsegulira kaye msewu.

Chimene chinandipweteka koposa chinachokera m'nyumba mwanga momwe. Mwana wathu wamkazi atayamba sukulu, aphunzitsi anafunsa aliyense kumene amakhala. Madzulo anabwera pamene ndinakhala n'kutsamira bondo langa.

"Ababa, ine ndanena kuti timakhala Pa Mkamwini. Koma mkamwini ndi chiyani? Ndi mtengo?"

Mayi ake anali pakhomo akupeta mpunga. Ndinaona lichero likunjenjemera, kenako analowa m'nyumba atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinayankha kuti ndi mawu akale, adzawamvetsa akakula. Munthu wa mabuku, kufunsidwa tanthauzo la liwu limodzi, n'kuthawa.

Apongozi ankabwerabe. Analibe foni ndipo sankatumizanso uthenga. Ankabwera nandolo akacha, makaka akauma, akaphika kalongonda wambiri, kapena akalota maloto oipa okhudza mdzukulu. Tinkangoona thumba likulowa pampata, iwo pambuyo pake. Sanasochere ngakhale tsiku limodzi. Ndinkaganiza kuti njira anaizolowera.

Kenako kunapezeka nyumba ku Machinjiri. Inali ya mbale wake wa mnzanga wa kuntchito uja, ya mpanda wa njerwa, ndipo inali ndi kachipinda kakang'ono ka windo loyang'ana kum'mawa. Nditangokaona ndinaikamo kale mashelefu m'maganizo. Mabuku anga, amene ankakhala m'katoni pansi pa bedi, ndinawaona ataima mwaulemu ngati anthu. Ndinafunsa dzina la siteji. Anati Pa Sukulu. Ndinalitchula kangapo chamumtima, Pa Sukulu, Pa Sukulu, ndipo linkatsetsereka pakhosi ngati thobwa.

Ndinauza mkazi wanga akusankha nyemba. Sanadzutse mutu.

"Amayi azikafika bwanji?"

"Ndizikawachingamira ku depoti."

"Inuyo? Poti simulankhulana. Muzikawakodola ndi buku?"

"Tidzawagulira foni."

"Foni ya amalume ija anaiika m'nkhokwe kuti isabedwe, mwaiwala?" Anataya kamwala kunja. "Ine sindikukukanizani, bambo. Kafunseni amalume. Akati ziwiri zili bwino, tisamuka. Akati ndibwerere, ine ndibwerera, chifukwa mawu aja munavomera nokha. Ndipo ana mukudziwa kuti ndi a kwathu."

Sananene mokalipa. Ndikanakonda akanakalipa.

Lamulungu lotsatira ndinakwera ya ku Mbombwe. Njira yonse ndinkakonza mfundo: mpanda, madzi, chitetezo cha ana, kuyandikira sukulu. Za dzina la siteji sindinaziike pamndandanda. Pamudzi ndinapeza kuli zii, anthu atatopa ndi maliro a gogo wina amene anaikidwa dzulo lake. Amalume anali pansi pa mtengo wa mango umene ndinabzala ine, akudya nzimbe. Ndinayala mfundo zanga zonse. Anatafuna, n'kulavula, n'kutafunanso.

"Siteji yakulumani?"

Ndinati nkhani si imeneyo.

"Akamwini, kuno anthu amanyadira. Akapita ku tauni amabwera n'kumati tadutsa pa siteji yathu. Ine ndakalamba chonchi, ndilibe ngakhale chitsa chotchedwa dzina langa."

"Si dzina langa limenelo, bambo."

"Nanga ndi la yani?"

Ndinayang'ana nyerere zimene zinkakoka chikhungwa cha nzimbe.

"Mawu anga ndi omwe aja," anatero. "Galimoto imodzi. Nyumba ya mpandayo ngati mwaikonda kalowenimo, palibe akuletsani. Koma mkazi ndi ana abwere kuno." Anapukuta manja m'thalauza. "Zangokhalanso bwino kuti mwabwera. Mlongo wanga akupita komweko lero, nandolo wacha. Mupitire limodzi, mumunyamulire thumba. Mawu alibe, waimba kumaliro mpaka pakhosi pauma."

Zaka zonsezi ndinali ndisanakwerepo galimoto imodzi ndi apongozi. Minibasi sidziwa mwambo, imapanikiza mkamwini ndi mpongozi ngati matumba a makala. Ndinaika thumba la nandolo kumbuyo n'kukadzipanikiza pakona ya mpando womaliza. Iwo anakhala kuseri kwa dalaivala, pafupi ndi chitseko. Pakati pathu panali mizere ya anthu, nkhuku ziwiri ndi beseni la nthochi, ndipo ndinathokoza chilichonse mwa zimenezi.

Ndinatsegula buku koma sindinawerenge. Ndinkadziuza kuti ndisamuka basi, mkazi sangandisiye chifukwa cha minibasi. Kenako ndinkakumbukira mmene anatayira kamwala kaja osandiyang'ana, n'kudziwa kuti akhoza. Ndinkadziona ndili ndekha m'kachipinda ka windo la kum'mawa, mabuku ali m'mashelefu, m'nyumba muli chete wokwanira kuwerenga mpaka kufa. Tinadutsa Nguludi, tinalowa msewu wa Midima, ine ndikadali kumangirira ndi kumasula katundu m'mutu.

Za potsika sindinade nkhawa. Ndinati apongozi atchula monga amachitira nthawi zonse, ine nditsika pambuyo pawo ngati munthu wongothandiza gogo thumba. Zoti alibe mawu ndinali nditaiwala, poti ndinali wotanganidwa ndi kudzimvera chisoni.

Titayamba kulowa Bangwe ndinakweza maso. Kondakitala anali wachilendo, sindinamuonepo, ndipo sankaitana masiteji, ankangodikira wotsika anene yekha. Wailesi inali kulira mokweza, nyimbo za kwaya. Ndinayang'ana apongozi. Ndinkayembekezera kuwaona akusuzumira pawindo kufuna tchalitchi kapena chigayo. Sankayang'ana kunja n'komwe. Maso awo anali pakamwa pa kondakitala. Galimoto ikangochepetsa liwiro ankadzuka pang'ono, dzanja pa kathumba kawo, n'kudikira kumva liwu lija. Likapanda kumveka ankakhalanso.

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti njira sanaizolowere. Maulendo onse aja, Bangwe kwa iwo inali khoma limodzi lalitali la malata ndi zikwangwani zimene sangawerenge, losintha mwezi uliwonse. Sankadziwa kamlatho, sankadziwa saluni. M'tauni yonse ya Blantyre anali ndi liwu limodzi lokha, analimanga pa nsonga ya chitenje, ndipo ndi limene linkawafikitsa kwa mwana wawo. Liwu lomwelo ndi limene ine ndinadzuka m'mawa kukapempha chilolezo choti ndilithawe.

Anayesa kulankhula. Ndinaona milomo ikuyenda, koma chinatuluka ndi mpweya wokha. Anagwira malaya a kondakitala chakumsana.

"Chenji mulandira, mayi, dikirani," anatero iye osatembenuka.

Anayesanso, dzanja pakhosi. Kwaya inawameza. Kutsogolo ndinaona kutsetsereka kuja, ndi khoma la penti yobiriwira likubwera. Dalaivala anali atathamangitsa, panalibe wotsika wina.

Ndinadikira kuti atembenuke andiyang'ane. Ankadziwa kuti ndili kumbuyo. Kukanakhala kungotembenuza khosi basi. Sanatembenuke. Anakhala tsonga, manja pamiyendo, kuyang'ana kutsogolo. Anali okonzeka kupitirira mpaka ku depoti ya Limbe imene amaiopa, kusiyana ndi kumuyang'ana mkamwini m'maso n'kumuchititsa manyazi pagulu. Manyazi awo anali ondilemekeza ine. Anga anali a chiyani?

Ndinamenya denga. "Pomwepa!"

"Pati?"

Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira, ndipo anasweka pakati ngati a tambala wophunzira kulira.

"Pa Mkamwini! Otsika Pa Mkamwini!"

Dalaivala anaponda buleki, nthochi zinagubuduka, nkhuku zinakuwa. Wina anatsitsa wailesi. Pampando wapakati panali mayi wina wa m'dera lathu, mmodzi mwa ogulitsa tomato aja, akuchokera kokaoda. Anatembenuka, n'kundiyang'ana, n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Eee! Lero eni ake atchula okha!"

"Eni ake a chiyani?" anafunsa kondakitala.

"A sitejiyi! Mkamwini wake ndi ameneyo, wa bukuyo!"

Minibasi yonse inatembenuka. Ndinayamba ulendo wautali wochoka pampando womaliza, kupepesa mawondo a anthu, kudumpha beseni, mutu woweramitsa chifukwa cha denga komanso chifukwa china. Kondakitala anandigwira mkono ponditsitsa ngati akulandira mlendo wolemekezeka.

"Zoona, madala? Ndinuyo? Ine ndimayesa munamwalira kalekale, ngati anthu a m'mbiri aja. Dalaiva, tamuoneni mkamwini, ali moyo!"

Anthu anaseka, ena kusuzumira m'mawindo monga tsiku loyamba lija. Ndinapita kumbuyo kukatsitsa thumba. Apongozi anali atatsika kale, ataima pafupi ndi chitseko, nkhope kumbali. Anakodola kondakitala kuti awerame. Sanalankhule kwa ine, analankhula kwa iye, monong'ona ndi pakhosi pouma paja, koma ndinali pafupi ndipo ndinamva.

"Wangatu ameneyu. Anakhalira ine pano."

Mipanda ya kumudzi ndi ya udzu. Zimene ndinakamba ndi amalume pansi pa mango m'mawa uja sizikanatheka kuti iwo asazimve. Ankadziwa chimene ndinapitira kumudzi, ndipo ananenabe choncho. Kuseka konse kwa m'minibasi sikunanditenthe ngati mawu amenewo. Ndinasenza thumba msanga kuti nkhope ibisike.

Tinayenda monga mwa masiku onse, ine kutsogolo ndi nandolo paphewa, iwo m'mbuyo patali pang'ono. Mkazi wanga anali pakhonde. Anayang'ana ine, anayang'ana mayi ake, n'kulandira kathumba kawo. Atawalowetsa m'nyumba ndi kuwaikira madzi a tiyi wa mandimu, anatuluka n'kundipeza ndikumasula thumba limene silinkafunika kumasulidwa ndi ine.

"Amalume ati bwanji?"

"Ati nandolo wa chaka chino wabereka bwino."

Anandiyang'ana kanthawi. Kenako anatola kakhoko ka nandolo kamene kanamatirira pa kolala yanga, n'kubwerera kwa mayi ake.

M'mawa mwake ndinauza mnzanga wa kuntchito kuti mbale wake apereke nyumba ija kwa ena. Anafunsa chifukwa, ndinati eni siteji sasamuka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba ndine kuseka iye asanayambe. Mabuku akadali m'katoni pansi pa bedi, kumene mphemvu zimawerenga nawo. Mwana uja ndinamuuza tanthauzo la mkamwini. Anakhumudwa pang'ono, ankafuna ukhale mtengo.

Ndisadzitame kuti manyazi anatha. Madzulo alionse tikayamba kutsetsereka, liwu lija limatuluka laling'ono, loyang'ana pansi. Makondakitala amalimva bwinobwino, koma amaika dzanja kukhutu.

"Kwezani mawu, madala, sitinamve."

Ndimakweza.